Hilux, Cruiser, Isuzu kapena Ranger: pikapu yakale iti yomwe ingapirire misewu ya Dedza ndi Ntcheu?

Mlamu wanga wa ku Lizulu wagulitsa mbatatesi bwino chaka chino, ndiye akufuna pikapu yogula kwa munthu. Wandiimbira katatu kufunsa kuti atenge iti. Ine ndakhala ndikunyamula katundu pakati pa Bembeke, Tsangano ndi Lilongwe kwa zaka zingapo, ndayendetsapo Isuzu ndi Hilux, ndipo zinazo ndaziona zitatsegulidwa m'magalaja a anzanga. Zomwe ndinamuuza ndazilemba pano kuti zithandizenso ena.

Funso langa loyamba pa galimoto iliyonse ndi ili: ikafera pa Kasinje madzulo, alipo makaniko wapafupi amene angaidzutse? Mtengo wokonzera umayambira pamenepo. Sipeya ikhoza kukhala yotchipa, koma ngati galimoto ikufunika kukokedwa makilomita 85 kuchoka pa Dedza boma kukafika ku Lilongwe kuti akaiike pa kompyuta yofufuzira vuto, ndalama zatha kale musanagule n'komwe chitsulo. Onjezani kabichi yemwe akuwola kumbuyo. Ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya iliyonse yochokera ku Johannesburg kapena Dubai imabaya m'thumba.

Tiyambe ndi Toyota Hilux, poti ndi imene aliyense amathamangira. Pali mitundu iwiri yomwe anthu amaisokoneza. Ya injini yakale, 3L kapena 5L, ilibe turbo ndipo makaniko aliyense wa pa Ntcheu boma amaidziwa ngati chikhatho chake. Vuto lake n'kuwira. Mukaipanikiza ndi katundu pokwera Khwekhwelele kuchokera ku Golomoti, rediyeta ili yotsekeka ndi matope, gasket imapsa, nthawi zina head, mutu wa injini, imang'aluka. Kukonza kwake n'kowawa koma n'kotheka pompano. Ina ndi ya D-4D, imene inafala kuyambira 2005, ya injini ya 2KD ya malita 2.5 kapena 1KD ya malita 3.0. Iyi imakoka bwino, simwa mafuta kwambiri, koma mtima wake uli m'ma injector, tizitsulo topopera dizilo m'masilinda, ndipo ma injector amenewa safuna dizilo wa madzi kapena fumbi.

Apa ndinalumwapo ndekha. Nthawi imene mafuta ankasowa, ndinathira dizilo wa m'zigubu kwa mnyamata wina m'mphepete mwa msewu cha ku malire. Patapita masabata awiri galimoto inayamba kulira ngati wina akugogoda chitini m'mamawa, utsi woyera kumbuyo. Makaniko atamasula filita ya mafuta n'kukhuthulira mu botolo, madzi anakhala pansi okwana zala ziwiri. Ma injector anayi onse anapita, ndipo atsopanowo anafunika kuwalembetsa pa kompyuta. Ndalama imeneyo ikanakonzetsa injini yonse ya 3L n'kutsalako chenji. Sindingainamizire galimoto, wolakwa ndinali ine.

Pa 1KD pali kanthu kenanso kakang'ono kamene kamapha injini: mawasha a kopa omwe amakhala pansi pa injector. Akayamba kudontha, mwaye umalowa mu oyilo, umatseka sefa ya pansi pa sampu, oyilo osakweranso, injini n'kunoka. Mawashawo ndi otchipa kwambiri. Injini ndiye ayi. Timing belt yake, lamba woyendetsa ma valve a injini, imasinthidwa pa makilomita 150,000, ndipo wogulitsa akakuuzani kuti “ndinasintha posachedwa” popanda risiti, muziona ngati sanasinthe. Ubwino wa Hilux ndi woti masipeya ali paliponse, atsopano ndi a kaunjika omwe, ndipo tsiku lomwe mwatopa nayo ogula amabwera okha. Kuipa kwake n'komweko: imadula pogula ngakhale itatheratu.

Land Cruiser 79 ya injini ya 1HZ, malita 4.2 masilinda 6, ndi nkhani ina. Ambiri timaigula pa okushoni mabungwe akatopa nayo. Injini imeneyi ilibe turbo, pampu yake ya dizilo ndi yachikale, imakhululuka dizilo woipa kuposa zonse. Nyengo ya mvula, mukamatsika ku minda ya ku Tsangano kumene matope amafika m'mawondo, palibe ina yofanana nayo. Koma imamwa, ndipo chilichonse pa iyo n'chachikulu: matayala, kilatchi, oyilo wothira pa sevisi. Kutsogolo ili ndi ekiselo yolimba, ndiye mukaona girizi wakuda akuyenderera mkati mwa tayala, dziwani kuti ma seal ndi maberingi a pa knuckle, pokhotera tayala, akufuna ndalama. Giya ya nambala 5 nayo siikonda kukwera mtunda ndi katundu wolemera, madalaivala aulesi posintha giya amaipha. Ngati ntchito yanu ndi ya pa M1 pokhapokha, Cruiser idzakudyerani phindu pa pampu ya mafuta.

Isuzu KB ndi imene ndimaikonda, sindibisa. KB 250 yakale ya injini ya 4JA1 ndi bulu weniweni. Ikamakwera kuchokera ku Linthipe kupita pa Dedza itasenza, ngakhale minibasi yodzaza imakupitirirani, koma mufika. Imanjenjemera, imasokosera, m'kati mulibe chosangalatsa. Zomwe zimatha ndi zomwe msewu umadya pa galimoto iliyonse: ma ball joint, mabushi, ma shock, ndi masipuling'i akumbuyo. Masipeya ake sapezeka msanga ngati a Toyota, nthawi zina mpaka mutumize munthu ku Biwi kapena ku Limbe, koma simuwafuna kawirikawiri. KB 300 ya D-Teq, injini ya 4JJ1, ili ndi tcheni m'malo mwa belt ndipo ndi yolimba, kungoti nayo ndi ya ma injector a kompyuta, ndiye nkhani ya zigubu ija ikuikhudza.

Nissan Hardbody ya TD27 ili m'gulu lomweli la Isuzu yakale, yopanda belt yoti muziidera nkhawa, ndipo imatchipa pogula. Navara D40 ya YD25 ndiye ndimaizemba: tcheni chake chikayamba kulira m'mamawa musachedwe nacho, ndipo chasisi yake muziiyang'ana bwino pakati pa kabini ndi bodi, makamaka zochokera ku UK kumene dzimbiri limadya pansi.

Tsono Ford Ranger ya kuyambira 2011, ya 2.2 kapena 3.2. Imakopa chifukwa mumaipeza yooneka yatsopano pa mtengo wa Hilux yokalamba, ndipo kuyendetsa kwake n'kokoma kuposa zonsezi. Koma ili ndi malamulo ake. Pampu ya oyilo, mukakhutula oyilo n'kuisiya kupitirira mphindi 10 musanathire watsopano, imatha kulephera kukokanso. Ganizirani makaniko wathu amene amamasula nati ya sampu n'kupita kukadya chipisi kuti oyilo “atsike yense”. Akabwera n'kuliza, injini ikuyenda youma. Chachiwiri ndi EGR cooler, yoziziritsa ndi madzi utsi wobwerera mu injini, imene ikabooka madzi amatha mwakachetechete osaoneka pansi, mpaka injini kuwira. Ya 3.2 ili ndi masilinda 5, ndiye tsiku la ma injector mukugula asanu. Pafupifupi vuto lililonse likufuna kompyuta, kutanthauza ulendo wa ku Lilongwe kapena Blantyre. Kwa munthu wa pa ofesi woyenda pa tala, amene amachititsa sevisi kwa odziwa, ndi galimoto yabwino. Kwa wonyamula mbatatesi ku Mlangeni, ayi.

Pali chimodzi chimene chimazipha zonse mofanana. Mapikapu awa anapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, koma matumba athu a mbatatesi, osokerera mpaka kutalika ngati munthu, timawasanja mpaka kumbuyo kukhale pansi, pamwamba n'kukwezanso eni katundu. Masipuling'i akathyoka timawonjezera ena awiri, n'kuiwala kuti kulemerako tsopano kwapita ku chasisi, maberingi ndi dif. Choncho pogula musayambe ndi wailesi kapena penti. Gonani pansi ndi tochi, mufufuze powotcherera pa chasisi pamwamba pa matayala akumbuyo. Pitani m'mamawa kukuzizira, ngati kuja kumachitira pa Dedza mu Juni, muilize nokha injini isanatenthe. Mukapeza mwiniwake waitenthetsa kale musanafike, mufunseni chifukwa chake. Tsegulani pothirira oyilo muone ngati pali zoyera ngati chambiko, kenako mukwere nayo mtunda diso lili pa geji ya kutentha.

Mlamu ndinamuuza kuti kwa ntchito yake, ya ku munda ndi ku msika, afune KB 250 kapena Hilux ya 5L, ndipo ndalama yotsala asunge ya matayala anayi, rediyeta ndi sevisi yoyamba. Dzulo wanditumizira pa WhatsApp chithunzi cha Ranger yofiira ya 3.2, akuti mwiniwake akupita kunja ndiye akugulitsa mwachangu. Loweruka tikukaiona, ndipo tochi ndaika kale m'galimoto.