Mbale yophikira phala la oats m'mayikulowevu: yandikomera kuya kwake, chivindikiro ayi

Ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Mbale iyi ndinaigula pofuna kuthana ndi vuto limodzi basi, la phala la oats kusefukira m'mayikulowevu. Amene mumaphika phalali m'mawa mukulidziwa vutoli. Poyamba zonse zimakhala zili phee, kenako thovu limangokwera mwadzidzidzi, ndipo pomwe muzitsegula chitseko phala lina latayikira kale pagalasi lozungulira lija n'kuyamba kuuma. Pachikutiro analembapo kuti chivindikiro chake chili ndi kabowo kotulutsa nthunzi, choncho phala silingasefukire. Ndaphikiramo pafupifupi m'mawa uliwonse kwa nthawi ndithu tsopano. Mbaleyo ndi yabwino zedi, koma lonjezo la chivindikirolo ndi longokopera ogula.

Ubwino wake waukulu ndi kuya. Imalowa madzi opitirira lita imodzi, pomwe phala la munthu mmodzi, la magalamu 40 a oats ndi mamililita 250 mpaka 300 a madzi, limangokhala pansi penipeni. Mpata wotsala pamwambawo ndi umene umagwira ntchito. Oats ali ndi sitachi wambiri komanso chinthu china chonanda chotchedwa beta-glucan. Madzi akatentha, sitachiyo amafufuma, madziwo n'kuyamba kunanda, ndiye nthunzi imakodwa m'tithovu tosaphulika msanga. Tithovuto timasanjikizana n'kunyamula phala lonse. Pamoto munthu amakhala ali pomwepo n'kumatakasa, thovu limaphwa lisanapite patali. M'mayikulowevu mulibe wotakasa, komanso kutentha kumalowa m'mbali zonse nthawi imodzi. M'mbale wamba thovulo limafika m'milomo m'masekondi ochepa chabe. M'mbale iyi limakwera, inu n'kuliona bwinobwino kudzera pachitseko, n'kupeza mpata woimitsa.

Tsopano za chivindikiro. Malangizo ake akuti muvindikire, mutsegule kabowo, muphike pa mphamvu yonse. Mayikulowevu yanga ndi ya mawati 900, ndipo ndikatsatira malangizowo thovu limafika mpaka pakabowo, limatseka, chivindikiro n'kutukuka mbali imodzi, phala n'kumatsika m'mbali mwa mbale. Kabowo kamatulutsa nthunzi, koma kumene kukusefukirako si nthunzi, ndi phala lenilenilo. Ndipo kuvindikira kumasunga kutentha pamwamba, zimene zimachititsa kuti thovu lisaphwe. Mwina amene ali ndi mayikulowevu ya mawati 700 sangavutike chonchi, koma opanga mbaleyi anayenera kudziwa kuti mphamvu za makinawa zimasiyana.

Chimene chimandiyendera ine ndi ichi. Ndimaphika osavindikira, mphamvu ndimatsitsa kufika pa theka, ndipo ndimapatsa mphindi zinayi kapena zisanu, n'kutakasa kamodzi pakati. Pa mayikulowevu zambiri, kutsitsa mphamvu kumatanthauza kuti makinawo aziyaka n'kuzima mosinthanasinthana. Mukatchera khutu mumamva kulira kwake kukusintha. Ikayaka phala limakwera, ikazima limatsika, ngati chifuwa cha munthu amene ali m'tulo. M'mbale yakuya chonchi silifika n'komwe pakati. Inde zimatenga nthawi yoposa mphindi ziwiri zimene amalemba pamapaketi ambiri, koma nthawi imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi yopala phala louma pagalasi. Komanso phala lophikidwa pang'onopang'ono limapsa mofanana, silikhala lolimba m'mbali pakati pali madzi.

Apa mpamene chivindikiro chija chimapeza ntchito yake yeniyeni. Mukatulutsa mbale, takasani, vindikirani, tsekani kabowo, ndipo musiye kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Oats amapitiriza kumwa madzi ngakhale makina atazima. Phala limene limaoneka lamadzimadzi potuluka limadzakhala logwirana bwino, losalala, lopanda mibulu. Anthu ambiri amaliphika mpaka lilimbe lili m'kati momwemo, ndiye pofika patebulo limakhala lauma moti supuni imaima yokha.

Mkaka ndi wovuta kuposa madzi, chifukwa mapuloteni ake amapanga kachikopa pamwamba kamene kamatsekereza nthunzi. Ngakhale mbale iyi mkaka wokhawokha umaiyesa. Ine ndimaphika ndi madzi ndi kamchere pang'ono, mkaka ndimathira pomaliza. Kamchereko musakasiye, ngakhale mukufuna kuthira uchi kapena zipatso, chifukwa phala la oats lopanda mchere limakhala lozizira m'kamwa.

Mtundu wa oats nawonso uli ndi mbali yake. Amene amaphwathidwa atawotchedwa ndi nthunzi, omwe pamapaketi amalemba kuti rolled oats, ndi amene amagwirizana kwambiri ndi mbale iyi. Opyapyala kwambiri aja, ofulumira kupsa, amafuna nthawi yochepa ndipo amasefukira msanga. Oduladula, a steel-cut, amafuna mphindi 20 mpaka 30 pamoto, ndiye m'mayikulowevu ndi bwino kuwaviika usiku wonse mufiriji. Pa ntchito imeneyinso chivindikirocho chimathandiza, chifukwa mumaviika ndi kuphikira m'mbale imodzi yomweyo.

Zogwirira zake ziwiri sizitentha, ndipo zala zimalowa bwino. Zimenezi ndazikonda kwambiri, chifukwa mbale ya galasi kapena yadothi imafuna kansalu nthawi zonse. Koma chenjerani ndi phalalo. Mayikulowevu siitenthetsa mofanana, moti pamwamba pangaoneke pofunda pomwe pena m'kati pakuwotcha. Ngati mukupatsa mwana, takasani mpaka pansi ndipo mulawe kaye.

Pulasitiki yake ndi polypropylene, pansi pali nambala 5 ndi zilembo PP. Mpaka pano siinapindike kapena kusweka. Vuto la pulasitiki yotereyi ndi loti imagwira mtundu ndi fungo la zakudya zamafuta, makamaka za tomato, choncho ine ndinaipatula kuti ikhale ya phala lokha. Kutsuka sikuvuta ngati mwathiramo madzi mukangomaliza kudya. Mukaisiya iume, oats amamatirira zolimba. Pamene pamandivuta ndi pakabowo kaja. Kali ndi kotsekera kakang'ono kokhala ndi timing'alu, ndipo phala likalowamo siponji siifikamo, pamafunika kaburashi. Mizere yoyezera madzi imene ili m'kati ndi yosaoneka bwino, imafuna kupendeketsa mbale chakuwala kuti muiwerenge.

Ngati muli kale ndi mbale yakuya ya galasi yololedwa m'mayikulowevu, simukufunika kugula iyi, ingotsitsani mphamvu. Koma ngati mbale zanu zonse ndi zosaya, kapena mukufuna yopepuka yoti mwana wamkulu kapena munthu wokalamba azinyamula osapsa, iyi ikuthandizani. Opanga ndikuwapempha zinthu ziwiri: asinthe malangizo kuti anthu aziphika osavindikira pa mphamvu yochepa, ndipo mizere yoyezera ija aipake mtundu wooneka. Akatero nyenyezi yachisanu ndiwapatsa.