Matayala obwera ndi pikapu ndi matayala a A/T: kusiyana kwake

Mapikapu ambiri amabwera ndi matayala a H/T, opangidwira msewu wa phula, pomwe a A/T anapangidwira phula ndi fumbi lomwe.

Pamsewu wa M1, a H/T sachita phokoso ndipo galimoto imamwa mafuta ochepa. A A/T amalira ndiponso amadula pogula.

Kusiyana kwenikweni kumaoneka m'dzinja. Panjira yopita ku Dzalanyama, matope amamata timipata ta H/T mpaka tayala limasalala n'kumangozungulira pamodzimodzi, pomwe mipata yakuya ya A/T imataya matopewo. M'mbali mwa A/T mulinso molimbirapo, choncho miyala siboola msanga.

Woyenda m'tauni mokha asataye ndalama kusintha matayala. Wonyamula feteleza kapena fodya kumudzi agule a A/T mvula isanagwe.