Chikomyunizimu: zomwe tinamva kwathu ndi zomwe ana akuphunzira ku Johannesburg

Mwana wanga wa Giredi 11 anabwera ndi ntchito ya mbiri yakale yokhudza chikomyunizimu ku Russia, kuyambira 1900 mpaka 1940, nandifunsa kuti, "Bambo, kwanu munkati chiyani za Lenin?" Lenin ndiye anatsogolera achikomyunizimu kulanda boma ku Russia. Ndinayamba ndakhala chete.

Kwathu, nthawi ya Kamuzu, mawu amenewa sitinkawatchula pagulu. Boma linakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, linkagwirizana ndi Taiwan, mdani wa boma la chikomyunizimu la China, ndipo bungwe lounika mabuku linkaletsa mabuku ambiri. Attati Mpakati, mtsogoleri wa LESOMA, chipani cha sosholizimu cha Amalawi othawira kunja, anaphedwa ku Harare mu 1983. Tinakula tikudziwa kuti mkomyunisiti ndi munthu woopsa, koma osadziwa zomwe amakhulupirira.

Kuno ku South Africa zinthu nzosiyana. Chipani cha chikomyunizimu, chomwe chinayamba mu 1921 nkuletsedwa mu 1950, chinamenya nawo nkhondo yothetsa tsankho. Chipatala chachikulu cha ku Soweto chili ndi dzina la Chris Hani, mtsogoleri wa chipanichi, amene anaphedwa ku Boksburg mu 1993. Tikamapita kutauni timadutsa Joe Slovo Drive, msewu wotchedwa dzina la mtsogoleri wina wa chipanichi.

Ine ndasankha njira ya kusukulu kwa mwanayu, chifukwa amawerenga, amatsutsa, amafunsa. Chondidetsa nkhawa nchakuti ulemu wa Hani usaphimbe njala ndi ndende za Stalin, amene analamulira Russia Lenin atamwalira. Usiku womwewo tinawerenga limodzi za alimi a ku Russia omwe analandidwa minda, ndipo ndinamuuzanso za Mpakati, dzina lomwe sanalimvepo.