Pitsa yopyapyala ija, patatha miyezi 8

Mnzanga wandifunsa ngati malo ogulitsa pitsa yopyapyala omwe ndinawayamikira miyezi 8 yapitayo ndikuwayamikirabe. Eya, koma osati nthawi iliyonse.

Zabwino sizinasinthe. Mtanda amaugoneka m'firiji masiku awiri, n'chifukwa chake m'mphepete mumatupa bwino ndipo mumanunkhira. Msuzi wa tomato sachulutsa shuga. Tchizi ndi mozzarella ya madzi ochepa, yoyenerera pitsa ya ku New York. Pitsa yaikulu ndi ya masentimita 45, zidutswa 8.

Vuto lili kunsi kwake. Chidutswa chopsa bwino mukachipinda pakati chimaima chokha m'dzanja. Pano madzulo, anthu akadzaza, nsonga imalendewera, tchizi n'kutsetserekera m'mbale. Uvuni wawo ndi wa mwala, amautenthetsa cha pa madigiri 290. Mtanda ukaikidwa umayamwa kutentha kwa mwalawo, ndiye pamalopo pamafunika mphindi zingapo kuti patenthenso. Maoda akapanikiza, ophika amaponya pitsa ina pomwe angochotsa inzake. Pamwamba pamapsa m'mphindi 7 zomwe zija, koma kunsi kumatuluka kotuwa, ndipo pakati pa msuzi ndi mtanda pamatsala kamzere konata, kosapsa. Bowa wosakazinga ndi tsabola wobiriwira zimatulutsa madzi, vuto n'kukula. Mukainyamula m'bokosi, nthunzi imamalizitsa kuifewetsa.

Pothawira palipo. Fikani anthu asanachuluke, zoika pamwamba zisapose ziwiri, ndipo pemphani kuti aisiye mu uvuni mphindi imodzi yowonjezera. Yotsala itenthetseni pa chiwaya chouma, moto wapakati, mphindi 3. Mayikulowevu amaisandutsa ngati labala.

Chondiwawa ndi bilu. Mtengo wakwera kawiri m'miyezi imeneyi, ndipo chilichonse choika pamwamba amalipiritsa pachokha, kutanthauza kuti pitsa yodula kwambiri ndi yomwenso imabwera yonyowa. Ulendo woyamba nditadandaula za pitsa yonyowa, amanijala anaisintha mosavuta, ndipo ndinawalemekeza. Wachiwiri anangoti pitsa yopyapyala imakhala choncho. Si zoona, chifukwa uvuni womwewo masana umatulutsa yolimba kunsi, ya mawanga ofiirira bwino. Akanangouza anthu kuti adikire mphindi 10, ambiri tikanadikira.

Masana, ya tchizi yokha, ndalama yanu siipita pachabe. Lachisanu madzulo, pa mtengo watsopanowu, ine ndinaleka.