Galimoto yavuta waranti isanathe: kuibweza ku Blantyre kapena kukonzetsa konkuno ku chigwa?

Waranti ya galimoto ya kaunjika imakomera munthu wa mtauni. Wogulitsa pa yadi ku Limbe akamati "ikavuta muibweretse, bwana", m'mutu mwake muli kasitomala wa ku Bangwe kapena ku Chilomoni. Wa ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula ayenera kukwera kaye chitunda cha Chikwawa kuti waranti yakeyo aione, ndipo wa ku Nsanje ali ndi makilomita oposa 170 oti ayende. Njira zimakhala zitatu: kuibweza komwe munagula, kuipereka kwa makaniko wa konkuno ku chigwa cha Shire, kapena kugawana ntchito, wogulitsa atumize chitsulo, makaniko wa kuno amange.

Vuto likakhala mkati mwa injini kapena giyabokosi, palibe kuchitira mwina, galimoto ibwerere kwa mwini yadi. Waranti zambiri zimatchula ziwiri zomwezi basi, ndipo makaniko wina akangomasula bauti imodzi ya hedi (chigawo cha pamwamba cha injini), wogulitsa wapeza pothawira. Zizindikiro zake sizivuta. Tsegulani chivindikiro cha oyilo: mukaona zoyera ngati tiyi wamkaka zitamatirira kunsi kwake, madzi akusakanikirana ndi oyilo. Injini itazizira, chotsani chivindikiro cha rediyeta, mulize galimoto; thovu likamatuluka mosalekeza, gasiketi ya hedi yapita. Giyabokosi ikamanjenjemera ponyamuka, kapena injini ikamalira kwambiri liwiro osawonjezereka, vuto likhoza kukhala mu giyabokosi, ndiye nayonso ibwerere.

Koma kabwezedwe kake ndi komwe ambiri amaluzira mlandu. Galimoto yoti ikuwira, musaiyendetse kukwera chitunda kuchoka pa Thabwa. Injini monga 1NZ ya mu Sienta, Probox ndi Axio ili ndi hedi ya aluminiyamu, ndipo ikawira kamodzi kokha pa makhota aja mu Okutobala, kutentha kutadutsa madigiri 40, hedi imatha kupindika. Mukafika ku Blantyre vuto la gasiketi lasanduka la injini yonse, ndipo wogulitsa adzati mwaipha nokha, mwinanso sakhala akunama. Kuikoka ndi chingwe nakonso ayi ngati galimoto ndi ya otomatiki kapena CVT (mtundu wa giyabokosi ya otomatiki yoyendera lamba wachitsulo): injini ikakhala yozima, pampu ya oyilo wa giyabokosi siyenda, ndiye mukamaikoka matayala akutsogolo ali pansi zitsulo zimapekesana zouma. Ikwere pa lole yonyamula galimoto. Ndalama ya loleyo njambiri, ndipo pepala la waranti kawirikawiri silinena woti alipire, choncho mugwirizane isananyamuke.

Ikafika pa yadi musasiye makiyi n'kumapita. Jambulani makilomita, mlingo wa mafuta, batire, matayala onse kuphatikizapo la sipeya, ndi jeke. Akulembereni pepala lonena tsiku lomwe yalowa, vuto lomwe mwadandaula ndi tsiku loitenga. Galimoto yopanda pepala imakhala pa yadi mpaka waranti itatha, foni iliyonse yankho nkukhala "tikudikira chitsulo, bwana". Akasintha injini yonse, nambala ya injini ya mu buluu buku iyenera kusinthidwanso ku Road Traffic, apo ayi mudzavutika pogulitsa. Chenjezo lina: kuzimitsa getsi la injini pa dashibodi si kukonza. Kompyuta imafufuta nambala ya vuto m'masekondi ochepa, getsi n'kudzayakanso muli pa mlatho wa Kamuzu. Funsani nambalayo asanafufute, muilembe. P0300 ndiye kuti injini ikudumphitsa moto, P0171 mpweya ukuchuluka kuposa mafuta.

Makaniko wa konkuno amapambana pa liwiro. Galimoto yalowa m'mawa, madzulo ili pa msewu, ndipo kwa amene amanyamula anthu pakati pa Dyeratu ndi Nchalo, sabata imodzi galimoto itaima ndi ndalama yoposa chitsulo chenichenicho. Pa zinthu zomwe zimatha ndi kuyenda, monga mapadi a buleki, mabushi, mashoko, lamba, mapulagi ndi batire, musataye nthawi ndi wogulitsa; waranti siikhudza zimenezi, ndipo kumukangana nazo n'kungomutopetsa musanafike pa nkhani yaikulu.

Choipa n'chakuti mankhwala ena otchuka a konkuno ndi omwe amapha waranti. Choyamba ndi kuchotsa themositati, kachitsulo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi opita ku rediyeta, poti "kuno n'kotentha". Themositati yabwino imatseguka yokha madzi akafika cha m'ma digiri 82, ndipo ikatseguka siitsekereza kanthu. Galimoto ikamawira, cholakwa chimakhala rediyeta yotsekeka, fani yofooka, pampu ya madzi, kapena chivindikiro cha rediyeta chomwe labala wake watha. Kuichotsa kumangobisa vuto, injini n'kumadya mafuta ambiri m'mawa. Chachiwiri ndi madzi a pa mjigo. M'madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje madzi a pansi ngamchere, ndipo mu rediyeta amasiya zoyera zouma zomwe zimatseka timapaipi. Wogulitsa akatsegula n'kupeza dzimbiri m'malo mwa kulanti, madzi apadera oziziritsa injini, wofiira kapena wobiriwira, mlandu watha. Chachitatu, chomwe chimawawa kwambiri, ndi kuthira ATF, oyilo wa giyabokosi ya otomatiki wamba, mu CVT. Toyota imafuna oyilo wa TC kapena FE malinga ndi galimoto, Nissan imafuna NS-2 kapena NS-3. Oyilo wolakwika amachititsa lamba wachitsulo wa mkati kutsetsereka, ndipo palibe waranti yomwe ingalipire zimenezo.

Njira yogawana ntchito ndiyo imatikomera ambiri a ku chigwa, bola vuto likhale la chitsulo chomangirira kunja kwa injini: pampu ya madzi, alitaneta, sitata, koyilo, pampu ya mafuta, mota ya fani. Wogulitsa amaikonda chifukwa imamutsikira mtengo, inunso simulipira lole. Makaniko ayeze koma asamasule kanthu. Tumizani kanema wa vutolo pa WhatsApp pamodzi ndi chithunzi cha makilomita. Kenako dikirani yankho lolembedwa lonena kuti wavomera kuti makaniko wa kuno agwire ntchitoyo ndipo waranti ya injini ndi giyabokosi ikupitirira. "Ingokonzetsani, tidzaona" ya pa foni si chilolezo. Mukaimbirana, lembani uthenga wobwereza zomwe mwagwirizana, ayankhe.

Zimene zimalakwika apa ndi ziwiri. Chitsulo chimabwera cholakwika chifukwa mwangonena dzina la galimoto; tumizani nambala ya chasisi, yomwe imayamba ndi zilembo monga NCP81 kapena NZE141, ndi chithunzi cha chitsulo chakale chooneka pulagi yake. Ndipo ndalama ya makaniko imasowa mwini ngati simunakambirane poyamba. Zitsulo zomwe amatumiza nthawi zambiri zimakhala zogwirapo kale ntchito, zomwe sizolakwika pa galimoto ya kaunjika, koma funsani kuti chikafa pakatha sabata atumizanso china kapena ayi. Chakale chisungeni mu jumbo, musachisiye ku galaji.

Njira zonsezi zimadalira amene munamupatsa ndalama. Ngati munagula kudzera mwa dobadoba, lisiti lili ndi dzina lina, buluu buku dzina linanso, mulibe woti mumugwire. Ngati munaitanitsa nokha ku Japan, wogulitsa ali kutsidya kwa nyanja ndipo makaniko wa kuno ndiye waranti yanu. Pepala likakhala ndi mawu oti "as is", wogulitsa akunena kuti mwaitenga momwe ilili, ngakhale pakamwa atalonjeza miyezi itatu.

Wogulitsa wa pa yadi akayamba kuzemba mafoni, mulembereni kalata yonena vuto, masiku omwe munadandaula ndi tsiku lomaliza lomwe mukudikira yankho, asainire kope lanu. Pakapanda kusintha, dandaulo lipite ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loona za ufulu wa ogula, kapena ku Consumers Association of Malawi. Lamulo loteteza ogula la 2003 lilipo, ndipo bwalo la majisitireti limamva milandu ya ndalama malinga ndi kuchuluka kwake. Konseko adzayamba ndi kufunsa mgwirizano wogulira, malisiti a sevisi ndi mauthenga aja.