Kafukufuku wa chaka chomaliza: pa famu ya ku Bunda kapena m'makola a ku Mchinji?

Aliyense wophunzira za ziweto ku Bunda amadziwa kuti digiri siituluka popanda kafukufuku wa chaka chomaliza. Mutu umasankhidwa, mphunzitsi woyang'anira amapezeka, kenako pamabwera funso limene ambiri amaliyankha mothamanga: ziweto zoyesererazo zikhala kuti? Mutha kugwiritsa ntchito za pa famu ya koleji kapena za pa malo a kafukufuku ngati ku Chitedze, apo ayi mutha kubwera kuno ku Mchinji, kwa Mkanda, ku Kapiri kapena pa Kamwendo, n'kukagwira ntchito m'makola a alimi. Ndikulembera makamaka inu ana a kuno amene muli m'chaka chachitatu ku yunivesite ya LUANAR, imene Bunda ndi koleji yake, chifukwa nthawi yoganizira zimenezi ndi ino.

Titenge funso limodzi kuti njira ziwirizi zionekere bwino. Kodi mbuzi zachikuda zikamapatsidwa masangwi a mtedza ndi madeya zimakula motani poyerekeza ndi zongodya mapesi a chimanga? Ndi funso la kwathu ndithu, poti mtedza ndi wathu kuno ndipo masangwi ambiri amangotsala m'minda.

Pa famu ya koleji zonse zili m'manja mwanu. Mumasankha mbuzi za msinkhu wofanana, kuziika manambala m'makutu, kuzimwetsa mankhwala a njoka za m'mimba tsiku limodzi, n'kuzigawa m'magulu mochita mayere kuti mtima wanu usakondere. Iliyonse imakhala m'chipinda chake. M'mawa mumayeza chakudya pa sikelo, mawa lake mumayeza chotsala, ndipo mumadziwa ndendende zimene yadya. Simuyamba kuwerenga tsiku loyamba. Pamafunika masabata awiri kuti tizilombo ta m'chifu tizolowere chakudya chatsopano, chifukwa mbuzi payokha siingagaye udzu, amene amagwira ntchitoyo ndi tizilomboto. Mukafuna kudziwa kuchuluka kwa chakudya chimene chalowa m'thupi, mbuzi imakhala m'kakhola kotolera ndowe ndi mkodzo padera, ndipo inu mumatola, kuyeza ndi kusunga tsiku ndi tsiku. Ku labotale mumaumitsa chakudya ndi ndowezo mu uvuni pa madigiri 105 kuti madzi achoke, kenako mumayeza nayitrojeni n'kuchulukitsa ndi 6.25 kuti mupeze zomanga thupi.

Apa m'pamene zimene munaloweza m'kalasi zimasanduka zenizeni. Mumaona ndi maso anu chifukwa chake mbuzi yokhuta mapesi imawondabe. Zomanga thupi zikachepera pa magawo 7 pa 100 aliwonse, tizilombo ta m'chifu timafooka, chakudya chimakhalitsa m'mimba, ndipo mbuzi imadya pang'ono ngakhale modyera muli modzaza. Mapesi ouma safika pa mlingo umenewo, koma masangwi osungidwa bwino amaupitirira. Mumaphunziranso kutenga magazi pa mtsempha wa pakhosi osaivulaza, kuyeza kutentha kwa thupi komwe kwa mbuzi yabwino kumakhala pafupifupi madigiri 39, ndi kuwerenga kapumidwe kake masana a mu Okutobala. Luso limeneli silipezeka kwina mosavuta. Mphunzitsi ali pafupi, ogwira ntchito pa famupo ali pafupi, ndipo mukalakwitsa kagwiridwe alipo wokukonzani pomwepo.

Koma mbuzi ya m'chipinda si mbuzi ya kumudzi. Siiyenda mtunda kufuna madzi, siilimbirana chakudya ndi tonde, siigona pansi ponyowa. Yankho limene mupeze ndi loona, koma loona pa malo pamene zonse zilipo. Chinanso, ziweto za pa famu n'zowerengeka ndipo ophunzira ofuna kuzigwiritsa ntchito ndi ambiri, choncho muyenera kupempha msanga ndi kuvomera nambala imene mwapatsidwa.

Tsopano bwerani kumudzi ndi funso lomwelo. Chinthu choyamba chimene mudzaone n'chakuti nyengo imene mumaiganizira kuti ndi ya njala kwa mbuzi mwina si imeneyo. Anthu akakolola, mbuzi zimamasulidwa, zimayenda m'minda momwe zafunira, kutola masangwi, zotsala za soya ndi masamba a mitengo. Mvula ikagwa n'kubzala, zimamangidwa pa chingwe kuopa milandu ya mbewu. Udzu uli biriwiri ponseponse, koma mbuzi ikungozungulira pa chikhomo chimodzi, kudya pamene yanyerapo, ndipo njoka za m'mimba zimaswana kwambiri m'chinyezi chomwecho. Yoopsa ndi Haemonchus, imene imayamwa magazi. Mukakoka chikope cha m'munsi cha mbuzi n'kupeza mkati mwayera m'malo mofiira, ndiye kuti magazi achepa. Khadi la FAMACHA, lomwe linapangidwa ku South Africa, ndi loyerekezera mtundu wa chikope chomwecho. Wophunzira amene anabwera ndi funso la chakudya amapeza kuti sangaliyankhe osayang'ana za chingwe ndi njoka. Kwa ine phunziro limeneli lokha ndi lokwanira kulipirira ulendo.

Kayezedwe kake nakonso ndi kena. Muyenera kufika m'bandakucha mbuzi zisanatuluke m'khola, chifukwa zikadya ndi kumwa sikelo imanama. Mumakoloweka sikelo pa nthambi ya mango, kudula thumba la feteleza n'kuboola mabowo anayi a miyendo, wina kunyamula mbuzi ikulira, inu kuwerenga singano ikugwedezeka uku ana a pakhomo atakuzingani. Mukatero khomo lina, kenako lina, dzuwa lisanakwere.

Ndiye pali madeya. Pa pepala ndi chakudya chotsika mtengo cha ziweto. Pakhomo madeya omwewo akuwafuna nkhumba, akuwafuna nkhuku, akuwafuna ophika kachasu, ndipo chaka chikavuta, m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, amabwerera kuchigayo kuti anthu adye. Mayi wa pakhomopo adzakuuzani mosabisa kuti, "Mwananga, madeyawo ndipatse mbuzi, nanga ana adya chiyani?" Palibe chipinda cha pa famu chimene chingakuphunzitseni zimenezo. Masangwi nawo amasiyana khomo ndi khomo. Wina anawaunjika pamwamba pa thandala ali ndi masamba ake, wina anawasiya pansi mpaka masamba kuyoyoka n'kutsala mitengo yokha, ndipo zomanga thupi zambiri zili m'masambamo.

Mtengo wa zonsezi ndi manambala osokonekera. Mbuzi ya nambala 14 mudzaipeza kuti yagulitsidwa tsiku la msika chifukwa mwana wabwezedwa kusukulu. Ina yaphedwa pamaliro. Ina inali ndi bere mwini wake osadziwa, ndipo kulemera kumene mukusangalala nako si kwa chakudya chanu. Simungamukwiyire mlimi, mbuzi ndi yake ndipo ndiyo banki yake. Chimene mungachite ndi kuyamba ndi makomo ambiri ndi ziweto zambiri kuposa zimene mukufuna, ndi kukambirana ndi mphunzitsi wanu musanayambe za mmene mudzawerengere kusiyana kwa makomowo. Ambiri amakumbuka zimenezi atamaliza kutolera, madzi atafika kale m'khosi.

Ndalama nazonso zimapita. Pa famu mumagula chakudya cha ziweto ndi zofunika ku labotale. Kumudzi mumalipira minibasi, kabaza ndi malo ogona, ndipo ndowe zoti mukawerengemo mazira a njoka ziyenera kuyenda mozizira mtunda wopitirira makilomita 100 kuchoka pa boma la Mchinji kukafika ku Lilongwe. Zikatenthedwa mazira amaswa, ndipo pa galasi lowerengera mazira la McMaster mudzawerenga ochepa kuposa amene analipo. Mwana wa kuno ali ndi mwayi umene anzake alibe: amagona kwawo, njinga ilipo, ndipo amadziwa kulonjera.

Kutalika kwa nthawi kumasankhiratu njira pa mitu ina. Mbuzi imatenga bere masiku pafupifupi 150, nkhumba 114, ng'ombe pafupifupi 283. Ngati mutu wanu ndi wa kaberekedwe, miyezi yochepa ya kafukufuku siingakwane kuti muone kuyambira pokwera mpaka pobereka. Pa famu pali mabuku olembedwa zaka zambiri amene mungagwiritse ntchito. Kumudzi mudzadalira kukumbukira kwa mlimi, amene angakuuzeni kuti inaswa "nthawi yokumba mtedza", ndipo inu muyenera kusandutsa mawuwo kukhala mwezi. Nkhuku ndi zofulumira, dzira limaswa pa masiku 21, koma chitopa chikadutsa m'mudzimo musanapereke katemera wa I-2, kafukufuku amathera pomwepo.

Za nkhumba ndichenjeze padera. Chigodola chilibe mankhwala, ndipo chimayenda pa nsapato, pa zovala ndi pa zipangizo. Wophunzira woyenda khola ndi khola tsiku limodzi osatsuka majombo ndi mankhwala atha kukhala iye wofalitsa matendawo. Ngati simungathe kusunga ukhondo umenewo, za nkhumba chitirani pa famu.

Pali njira yachitatu imene imadzibisa m'dzina la kumudzi, ndipo sindiikonda. Wophunzira amasindikiza mapepala a mafunso, kuyenda masiku ochepa, kufunsa kuti muli ndi mbuzi zingati, mumadyetsa chiyani, mavuto anu ndi otani, n'kubwerera osagwirako chiweto ndi chimodzi chomwe. Mafunso ali ndi malo ake, koma paokha sangamupange munthu kukhala katswiri wa ziweto. Alimi a kuno afunsidwa mafunso amenewa kambirimbiri, mayankho anawaloweza. Ngati mukubwera kumudzi, bwerani ndi sikelo, choyezera kutentha ndi timabotolo.

Tsono ndisankhe iti? Ngati funso lanu lili mkati mwa thupi la chiweto, monga kagayidwe ka chakudya, magazi, kapena mmene thupi limalimbanirana ndi kutentha, khalani pa famu, ndipo musachite manyazi kuti simunapite kumudzi. Ngati mukulinga digiri yachiwiri ndi ntchito ya mu labotale, kusamala kwa pa famu kudzakuthandizani. Koma kwa mwana wa ku Mchinji amene akufuna kudzagwira ntchito ndi alimi, ine ndimakondera khola la kumudzi, pokhapokha atayamba wathera tchuthi chimodzi pa famu ya koleji kuphunzira kugwira chiweto, kuyeza molondola ndi kulemba zonse tsiku lomwelo. Wobwera kumudzi manja asanazolowere amaphunzirira pa mbuzi ya munthu wosauka, ndipo zimenezo si chilungamo. Zitsanzo za chakudya ndi ndowe zipite ndithu ku labotale, kuti zimene mwaona ndi maso zikhale ndi nambala yoziikira umboni.

Polowa m'mudzi dzerani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu. Alangizi a ziweto, ambiri mwa iwo anaphunzira ku koleji ya NRC (Natural Resources College) kapena ku sukulu ya za ziweto ya ku Mikolongwe, amadziwa khomo lililonse loweta, amadziwa kumene kwabuka matenda, ndipo ndi amene angakuperekezeni kwa amfumu. Pamsonkhano woyamba nenani poyera kuti simunabweretse mbuzi zaulere kapena ngongole, kuti pasadzakhale kukhumudwa. Gwirizanani kuti wofuna kugulitsa chiweto chimene chili m'kafukufuku akuimbireni kaye kuti muchiyeze komaliza. Ndipo mu bajeti yanu muikemo ulendo umodzi wa pambuyo pa mayeso, wodzafotokozera alimiwo m'Chichewa zimene mwapeza pa mbuzi zawo.