"Sindimwazanso ndalama" kapena "ndigula malata 20"?

Taonani alimi awiri a kachewere ku Lizulu, omwe ndalama zimawathera m'manja akangogulitsa.

Woyamba walumbira kuti, "Chaka chino sindimwazanso ndalama." Ndimamumvera chisoni, chifukatu mawuwa amangomukumbutsa manyazi a chaka chatha. Samuuza chochita pa tsiku la msika, ndalama zili m'thumba, kanyenya akununkhira chapafupi.

Wachiwiri akuti, "Ndikagulitsa thumba lililonse, ndizipatula K5,000 ya banki m'khonde mpaka malata 20 akwane mvula isanagwe." Uyu ndiye ndimagwirizana naye. Ali ndi chinthu choti aziwerenga. Madzulo amatsegula kabuku kake, mayi a kunyumba n'kumuthandiza kuwonkhetsa, n'kupeza kuti ya malata 6 yakwana kale. Akaphonya sabata imodzi sadzitcha wolephera, amangowonjezera pa thumba lotsatira.